DOTOLO APHUNZIRE KUSUZUMIRA MUMPHIKA

Munthu woyenda pamsewu waukulu wochokera ku Lilongwe kulowera kumpoto m'mwezi wa February, akangowoloka mtsinje wa Bua, maso ake amakhuta ndi kubiriwira kwa dziko. Kudzanja lamanja fodya, kulamanzere fodya, zigafa zili ndandanda, ndipo patsogolo phiri la Kasungu lili njo ngati mlonda wa chuma chonsechi. Mlendo wotere angathe kulumbira kuti kuno njala amangoimva m'nthano. Koma atati apatuke pang'ono n'kukasuzumira m'chipinda chogonekamo ana pachipatala china cha m'derali, angapeze kuti mwezi umene fodya amakongola kwambiri m'munda ndi womwewo umene ana otupa mapazi amachulukana pamabedi.

Wowerenga ayerekeze mayi wa m'banja logwira ntchito m'munda wa fodya cha ku Santhe kapena ku Chamama. Mayiyu wafika kuchipatala atabereka mwana wa zaka ziwiri, chikhalirecho ali ndi pakati pa miyezi isanu. Mwanayo watupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiirira ndipo likusosoka lokha, khungu la m'ntchafu likusendeka, chakudya akukana, ndipo kulira kwake n'kong'ung'udza chabe. Kumudzi agogo agamula kale kuti ndi tsempho, pamene azakhali akuti ndi utumbidwa. Tsopano moyo wa mwanayu uli m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana wovala mkanjo woyera, amene adatha zaka zisanu kapena kuposerapo akuphunzira zaudotolo. Ngati mwanayu ati atuluke wamoyo, ndiponso ngati ati asabwererenso mvula ya chaka chamawa, zidalira kwambiri mmene wovala mkanjoyo adaphunzirira za kadyedwe ka anthu.

Pali njira ziwiri zophunzitsira phunziroli. Yoyamba ndi yakalekale: mphunzitsi amaima kutsogolo n'kumalakatula mayina a mavitamini, zizindikiro za kuperewera kwake ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ophunzira namalemba mwakachetechete ngati alembi a bwalo la milandu. Mayeso akafika amasanza zonse papepala, akatuluka naiwala. Njira yachiwiri ndi yoyambira pa munthu wodwala: ophunzira amapatsidwa nkhani ya wodwala mmodzi, monga ya mwana wa ku Santhe uja, kuti aisanthule okha mpaka apeze gwero la matenda ndi chochita chake. Njira yoyambayo ndi yosavuta kwa mphunzitsi, yosavutanso kwa wochonga mayeso, koma ndi yoopsa kwa wodwala. Yakwana nthawi yakuti itsike pampando.

Vutoli si la mayiko osauka okha ayi. Kafukufuku amene adachitika m'sukulu zaudotolo za ku America adapeza kuti wophunzira amatha maphunziro ake onse atangomva za kadyedwe kwa maola pafupifupi 19. Mu 2019 magazini ya Lancet Planetary Health idasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko osiyanasiyana ndipo idapeza zofanana: madotolo achinyamata amatuluka m'sukulu akudzimva okha kuti sangathe kulangiza wodwala za chakudya. Koma dziko limene masitolo ake ndi odzaza lingathe kupirira umbuli wotere kwa kanthawi. Nanga dziko limene mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 lidapeza ana 37 mwa ana 100 alionse osapitirira zaka zisanu ali opinimbira, ndipo mu 2010 adali 47? Kumeneko kadyedwe ndiye msana wa ntchito yonse ya udotolo.

Woloweza mndandanda uja akaona mwana wotupa, nzeru zake zimamuuza zinthu zooneka ngati zanzeru. Thupi ladzaza madzi, choncho ampatse mankhwala okodzetsa. Mwana akutsekula m'mimba, choncho amuike diripi. Magazi achepa, choncho ayambe lero lomwe mankhwala owonjezera magazi. Akusowa zomanga thupi, choncho amdyetse mazira ndi nyama mpaka akhute. Chilichonse mwa zinayi chingathe kupha mwanayo. Mtima wa mwana wonyentchera kwambiri ndi wofooka, ndipo madzi ochuluka a m'diripi amaulemera mpaka kuuimitsa. Ayironi woperekedwa msanga amathandiza tizilombo m'malo mothandiza mwana. Chiwindi ndi matumbo ozolowera njala sizitha kulandira phwando mwadzidzidzi. Mwana wotere amafuna kufunditsidwa kuti asazizidwe, kumwetsedwa mkaka wapadera wotchedwa F-75 pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu alionse usana ndi usiku kuti shuga asatsike m'thupi, ndi kupatsidwa mankhwala opha tizilombo ngakhale thupi lisakutentha. Mu 1996 akatswiri awiri a ku London, Claire Schofield ndi Ann Ashworth, adasonyeza kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ana 20 mpaka 30 mwa 100 alionse ogonekedwa chifukwa cha kunyentchera kwambiri ankamwalirabe m'zipatala za m'mayiko ambiri, ndipo chifukwa chachikulu chidali chithandizo cholakwika chochokera m'maphunziro achikale. Anawo adafika ndithu kuchipatala, m'manja mwa anthu ophunzira, ndipo adafera momwemo.

Tsono njira yachiwiri ija imayenda motani? Si yachilendo kwenikweni. Sukulu yaudotolo ya McMaster ku Canada idayamba mu 1969 kuphunzitsa poyambira pa mavuto a odwala, ndipo sukulu zambiri padziko zidatengera. Ophunzira asanu ndi atatu kapena khumi amakhala mozungulira, mphunzitsi nawapatsa tsamba loyamba lokha la nkhaniyo: msinkhu wa mwana, kulemera kwake, mtundu umene kalamba koyezera mkono kasonyeza, ndi madandaulo a mayi. Zina zonse ayenera kuzifukula pofunsa. Amene safunsa sauzidwa, paja safunsa adadya phula. Akafunsa zoyenera, mphunzitsi amavundukula tsamba lotsatira. Akasankha diripi mopupuluma, amawauza kuti mwana wayamba kubanika, ndipo afotokoze chimene chachitika m'mtima mwake. Kenaka amabalalika kukawerenga zimene azindikira kuti sakuzidziwa, nadzakumananso kuti atsutsane. Mwanjira imeneyi wophunzira amalakwitsa pa mwana wa papepala, amene safa, m'malo mokalakwitsa pa mwana wa munthu.

Ubwino waukulu wa njirayi uli m'mafunso amene imakakamiza wophunzira kufunsa. Mwanayu adadya chiyani dzulo? Phala la ufa woyera lothira mchere. Kangati? Kawiri, m'mawa mayi asanapite kokathyola fodya ndi madzulo atabwerako. Nanga masana amakhala ndi yani? Ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Adasiya liti kuyamwa? Mayi atangozindikira kuti ali ndi pakati. Kodi banjali lilibe munda wa chimanga ndi mtedza? Apa ndiye nkhani imatseguka, pakuti yankho lake limaloza kubuku la ngongole.

Wosadziwa mbiri ya madera a fodya sangamve yankho limenelo. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti adafalikira m'zigwa za Kasungu, ndipo mabanja ambiri ochokera m'maboma othinana a kumwera, monga Mulanje ndi Thyolo, adabwera kudzakhala matenenti. Tenenti ankalandira chimanga, feteleza ndi makasu pangongole, zonse n'kumalembedwa kuti zidzachotsedwe fodya akadzagulitsidwa. Ndiwo ankazionera yekha. Nthawi zambiri pofika tsiku lowerengera, ngongole inkameza malipiro onse. Lamulo la 2021 lidathetsa utenenti m'dziko muno, ndipo chimenecho n'choyamikika. Koma lamulo silidasinthe kalendala ya fodya. Mbewu imafesedwa kunazale chilimwe chisanathe, imawokeredwa mvula ikayamba, ndipo kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa kumafika pachimake m'miyezi ya January, February ndi March. Miyezi imeneyi ndi yomwe nkhokwe zimakhala zitagona, chimanga chakwera mtengo pamsika, malungo ndi kutsekula m'mimba zili ponseponse, ndipo ndalama ya kuokushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo ikali kutali. Mayi amagwira ntchito yolemetsa kwambiri pamene akudya zochepa kwambiri, ndipo nthawi yophikira mwana kanayi patsiku saipeza. Anthu a ku Kasungu sadaiwale chaka cha 2002, pamene boma lidalengeza mu February kuti dziko lili pangozi ya njala, anthu atafika podya gaga ndi zikhawo za nthochi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene adatchuka chifukwa cha makina ake opanga magetsi ndi mphepo, adasiya sukulu ya sekondale m'njala yomweyo, banja lawo likudya kamodzi patsiku.

Dotolo wosadziwa zonsezi amatha kuuza mayi uja, ndi nkhope yachifundo ndithu, kuti azipatsa mwana mkaka, mazira ndi nyama tsiku ndi tsiku. Mayiyo amavomera mwaulemu kuti wamva, chifukwa munthu satsutsana ndi adokotala, natuluka akudziwa mumtima kuti walangizidwa za dziko lina.

Palinso nkhani ya agogo ndi azakhali aja, imene wophunzira wodzitama amangoiseka. Asanaseke ayambe wamva izi. Dzina lakuti kwashiorkor, limene amaliloweza ndi kulitchula monyadira, lidalembedwa m'mabuku a zaudotolo ndi Cicely Williams m'zaka za m'ma 1930, iye akugwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana. Adalimva kwa anthu olankhula Chiga, ndipo limanena za matenda a mwana wochotsedwa kubere chifukwa cha kubwera kwa mng'ono wake. Kodi kumeneko n'kusiyana bwanji ndi utumbidwa? Azakhali a ku Santhe adaona chinthu chomwecho chimene Williams adaona, kungoti amalakwitsa poganiza kuti mkaka wa mayi wapakati ndi woipa, pamene choipa ndi kumchotsa mwana kubere mwadzidzidzi n'kumsiyira phala lamadzimadzi. Dotolo amene angayambire pa zimene azakhali akudziwa kale adzamvedwa. Amene angayambire powatcha mbuli adzapeza bedi lili lokhalokha m'mawa, mayi atathawa ndi mwana usiku kupita kwa sing'anga kukatsirika tsempho. Ndipo wophunzirayo asakhulupirire kwambiri mndandanda wake. Kwa zaka zambiri mabuku ankati kwashiorkor ndi kusowa kwa zomanga thupi basi, koma kafukufuku wa mapasa a kuno ku Malawi amene adafalitsidwa mu 2013 adasonyeza kuti tizilombo tokhala m'matumbo mwa mwana tili ndi gawo lake pa matendawa.

Nkhani ina yoyenera kuikidwa patsogolo pa ophunzira ndi ya munthu wamkulu. Bambo wabwera khungu la kuseri kwa manja ndi la m'khosi litada ndi kukakala ngati lapsa ndi moto, akutsekula m'mimba kwa milungu ingapo, ndipo achibale akuti wayamba kulankhula zosamveka. Wa zakhungu angampatse mafuta odzola, wa zam'mimba mapiritsi oletsa kutsekula, wa zamisala mankhwala ogonetsa, pamene matenda ndi amodzi: pelagra, kusowa kwa vitamini wotchedwa niacin mwa munthu wodalira chimanga chokha. Matendawa si a m'mabuku akale. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pelagra m'misasa ya m'dziko muno pamene mtedza udasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira. Mu 2015 ndi 2016 anthu mazanamazana adapezeka nawo cha ku Kasese m'boma la Dowa, m'chigwa chomwechi cha fodya, pafupi ndi malire a Kasungu. Wophunzira wosanthula nkhaniyi adzafunsa ngati bamboyo amamwa kachasu, ndiponso ngati akumwa isoniazid, mankhwala a chifuwa chachikulu amene amadziwika kuti amadzutsa pelagra mwa anthu osadya mokwanira. Adzafika mpaka pamtondo ndi pachigayo: kukonola ndi kuviika mphale kumachotsa zabwino zambiri zimene zimatsala mumgaiwa. Adzadabwanso kumva kuti anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo kutero kumamasula vitaminiyo. Madzi a phulusa amene kuno amathiridwa m'therere, kumeneko amathiridwa m'chimanga. Wofika pa zonsezi ndi mapazi ake sangadzaiwale pelagra mpaka imvi.

Ndipo asaiwalike mwini munda, amene amabwera pagalimoto mwezi wa June, mimba ili patsogolo, mutu ukuwawa, akukodza usiku wonse. Kafukufuku wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ameneyonso matenda ake ali mumphika.

Otsutsa njirayi sasowa, ndipo mfundo zawo n'zoyenera kuziyankha. Ena amati nthawi ndi yochepa, maphunziro audotolo adadzaza kale mpaka pakamwa. Koma nkhani ya mwana wa ku Santhe siwonjezera katundu. M'kati mwake muli ntchito ya mtima, ya impso, ya chiwindi, mankhwala opha tizilombo, malungo ndi uchembere. Zimene zikadaphunzitsidwa m'maphunziro asanu osiyana zimakumana mwa mwana mmodzi, monga zimachitira kuchipatala. Ena amati nkhani zosankhasankha zimasiya mipata, wophunzira angatuluke osamvapo za vitamini wina. Chenjezo limeneli n'loona, ndipo mankhwala ake ndi kusankha nkhani mwaluso ndi kusunga maphunziro ochepa apabolodi oti amange maziko. Mndandanda sukutayidwa, ukungochotsedwa paufumu kuti ukhale wantchito.

Ena amati kadyedwe ndi ntchito ya anamwino, alangizi a zaumoyo ndi akatswiri ochokera ku Bunda. Anthu amenewa ndi ofunika zedi, koma maphunziro a akatswiri oona za kadyedwe ka odwala adangoyamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 2010, ndipo wolemba pakhadi kuti mwana aikidwe diripi pakati pa usiku si mlangizi wa zaumoyo. Amene ali ndi mphamvu yolamula chithandizo ndi amene ayenera kudziwa kwambiri.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi yakuti dotolo sangachize umphawi. N'zoona, sangakweze mtengo wa fodya kapena kufafaniza ngongole ya munthu. Koma mbiri ya chiponde ikusonyeza zimene zimachitika madotolo akayang'anitsitsa moyo wa odwala awo. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa milungu ingapo, mayi ali pambali pake, munda ukumera thengo, ana ena ali okha kunyumba. N'chifukwa chake amayi ambiri ankathawa chithandizo chisanathe. André Briend wa ku France adakonza chakudya cha mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini chosafuna kuphika kapena kusungunula ndi madzi. Mark Manary adachiyesa ku Blantyre kuyambira mu 2001 popatsa amayi kuti akadyetse ana kunyumba, ndipo mu 2002 mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International adayesa njira yochizira ana kumudzi m'boma la Dowa. Umphawi sudathe, koma ana ochuluka adachira chifukwa wina adafunsa chimene chimathawitsa mayi m'chipatala. Ngakhale chipondecho chili ndi mafunso ake: m'nyumba ya ana asanu anjala, kodi mayi angadyetse mmodzi ena akuyang'ana? Dotolo wosaganizira zimenezi adzangodabwa kuti sikelo siikukwera. N'zomvetsanso chisoni kuti mtedza umene mlimi amaugulitsa wonse kwa mavenda mu May ndi womwewo umene mwana wake amakaulandira m'kapaketi mu February.

Dziko lino silikuyambira padothi. Sukulu yaudotolo ya College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, Professor John Chiphangwi ndi anzake adaika zaumoyo wa anthu akumudzi pakati penipeni pa maphunziro, ndipo ophunzira ankatumizidwa ku Mangochi kukakhala ndi mabanja m'midzi kuti aone okha mmene anthu amakhalira. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi ya anamwino n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Dzina limene idatengalo ndi la dotolo wobadwira ku Kasungu, amene ankakonda kunena kuti anthu ake amafuna zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo chakudya ankachitchula poyamba. Koma Mangochi ndi kunyanja, kumene usipa uli pafupi. Njala ya m'dera la fodya ili ndi nkhope yakeyake. Nkhani zophunzitsira zilembedwe kuchokera m'makhadi a odwala a ku Kasungu, ku Nkhamenya ndi ku Mtunthama, mayina atafufutidwa, ndipo zilembedwe ndi anamwino ndi madotolo amene adawaona odwalawo ndi maso. Zokopera m'mabuku a ku Ulaya, zonena za nkhalamba yokhala yokha yodya buledi ndi tiyi, zikhale zowonjezera chabe. Nkhani zomwezo zifikenso kusukulu zophunzitsa madotolo othandizira, monga Malawi College of Health Sciences, pakuti m'zipatala zing'onozing'ono iwowa ndi amene mayi amayamba kukumana nawo.

Pomaliza pake zonse zimathera pamayeso, chifukwa wophunzira aliyense amawerenga chimene chidzafunsidwe. Funso lakuti atchule magulu asanu ndi limodzi a zakudya lisiyidwe kwa ana a pulayimale, amene amaliyankha bwino. Wofuna kukhala dotolo apatsidwe mayi wa ku Santhe patsiku lotuluka m'chipatala, mwana atasiya kutupa, m'thumba mulibe ndalama, mwezi uli wa February. Alembe m'Chichewa chomveka chimene adzamuuze. Woyesa ayang'ane ngati watchula bonongwe, chisoso ndi luni zimene zikumera zokha m'mizere, nkhwani ndi chitambe za kuseri kwa nyumba, kansinjiro kapena kasupuni ka mafuta m'phala la mgaiwa lolimbirako, matemba osinja, ngumbi ndi matondo panyengo yake. Ayang'ane ngati wafunsa amene adzadyetse mwanayo masana mayi ali kuchigafa, ngati wakumbukira kuti mayiyonso ali ndi pakati ndipo akufunika kudya, ngati waitana bambo ndi azakhali kuti amve nawo, ndiponso ngati walemba dzina la mlangizi wa zaumoyo amene adzamuyeze mwanayo mkono pakatha milungu iwiri.